Mizere Itatu Pamsewu wa Kwathu

Achimwene,

Landirani moni, inu ndi alamu kumeneko ku Beira. Kuno ku Ntengo-Wambalame tili bwino, koma mwendo wa amayi sunapolebe chiwagundire wa mota uja ndi njinga yake yamoto. Akuyendabe ndi ndodo.

Munthuyo sanabwere n'komwe kudzapepesa. Ankangodutsa pakhomo pathu chothamanga, matumba a mbatata kumbuyo, fumbi koboo! Ine mtima unkandiwawa. Loweruka ndinamema azimayi anzanga, tinatenga makasu n'kuunda mizere itatu yopingasa msewu, ikuluikulu kuposa ya kumunda.

Lolemba anabwera ndi liwiro lake lomwe lija. Mzere woyamba unamuponya m'mwamba, wachiwiri unamugwetsa. Matumba anaphulika, mbatata mbwee mpaka m'ngalande. Iye amvekere, "Achemwali, ndithandizeniko kutola." Ine ndinati, "Amayi anga aja munaima kuti muwadzutse?" Kenako ndinawatulutsira amayi mpando kuti amuonerere bwino akutola yekha, uku akutsimphina.

Musandidzudzule achimwene, chisoni ndilibe. Mutumize mankhwala opaka mwendo aja, komanso khasu latsopano, chifukwa mvula ikakokolola mizereyi tiunda ina yoposa pamenepa. Mulungu akusungeni.

Ndine mlongo wanu,
Lusiya