Amalume Ndawapeza

Okondedwa amayi,

Moni wochokera kutali kuno. Muli bwanji kumeneko? Msana uja ukukupatsaniko mpata masiku ano, kapena mukuchapabe zovala za nyumba yonse ngati simunabereke? Abambo ali bwanji, chifuwa chija chinasiya? Za mng'ono wanga sindifunsa zambiri, ndikudziwa kuti bola mbale yake idzaze, matenda samuyandikira.

Ine m'thupi ndili bwino. Mayeso tamaliza, ndipo aphunzitsi anditsina khutu kuti ndakhoza. Koma musayambe kuvina. Khalani kaye pansi, muwerenge mpaka kumapeto.

Kalatayi ndapatsira mnzanga amene anyamuke ine ndisananyamuke, akuponyerani akafika. Ine ndikatsika ndege ndidzayamba ndapita kukoleji kwathu kukalembetsa, kunyumba ndidzafika mochedwerapo. Pa foni ndayesa kuti ndikuuzeni, koma mukangoti "mwanawe, ukudya?" mawu amandithawa.

Hositelo yathu yayamba kutha anthu. M'makonde mwangoti mbwee masutikesi, mabuku otayidwa, nsapato zopanda eni ake. Mabedi ambiri avula kale, kwatsala matiresi okhaokha. Aliyense akukumbatira mnzake, kulonjezana kuti tidzalemberana, chonsecho tonse tikudziwa kuti ndi bodza la chikondi. Ine ndimayenera kukhala wosangalala kuposa onse. Koma ndikuyenda chozolika ngati nkhuku yonyowa.

Amayi, amalume ndawapeza.

Mukukumbukira tsiku lonyamuka munandipatsa nambala yawo, nkhope mutayang'ana kumbali. Munati mlongo wanu ndi injiniya wamkulu wa milatho mumzinda womwewu, sindikavutika. Kenako munawonjezera kuti ngati ali ndi nthawi ya abale, poti ya maliro a mayi awo analibe. Ndi mmene mumachitira nthawi zonse: pagulu kuwatama, m'nyumba kuwatafuna.

Teremu yonseyi ndakhala ndikuwaimbira. Yankho linali lomwelomwelo. Lero ali kunja kwa mzinda, mawa ali pa msonkhano, mkuja abwana awatuma. Mawu anali okoma, ankafunsa ngati ndili ndi zofunda zokwanira, koma kukumana ayi. Ndinafika popsa mtima. Ndinati amayi ankanena zoona, munthuyu ndalama zamulowa m'mutu.

Komatu kupsa mtimako sikunanditseke pakamwa. Kwa anzanga ndinkawatchula tsiku ndi tsiku. Ana a kuno ambiri ndi a madokotala ndi maloya, ndiye nanenso ndinkafuna chotsamira. Tikamawoloka mlatho pa basi ndinkaloza, ndimvekere mwina uwu anamanga ndi amalume anga. Nkhani ndinkaithira mchere mpaka ine mwini ndinayamba kuikhulupirira.

Lachisanu lapitali kalasi yathu inakonza kaphwando kotsanzikana. Anatisankha atatu kukagula zofunika: ine, mnzanga wogona naye chipinda chimodzi amene timamutcha Nsungwi chifukwa cha kutalika, ndi mnyamata wina wa galimoto, mwana wa dokotala. Tinapita ku sitolo yaikulu ya kumapeto kwa mzinda, kumene ndinali ndisanafikeko.

Titatuluka ndi katundu, poimika magalimoto panali mphepo yozizira yolasa m'mafupa. Ndinaona bambo wina atavala jekete yowala ya antchito, akukankha mzere wautali wa tingolo togulira zinthu. Ankatsimphina mwendo wamanzere. Sindinawalabadire. Tinawadutsa pafupi ndithu, ine ndikuseka nkhani za Nsungwi.

Kenako ndinamva mawu kumbuyo kwanga, m'chilankhulo chathu, m'dziko la eni:

"Kadziwotche! Iwe Kadziwotche!"

Amayi, dzina limeneli amene anandipatsa ndi mmodzi yekha padziko lapansi, tsiku lomwe ndinagwira nyali yoyaka ndili wamng'ono. Nditacheuka ndinaona nkhope yanu pa munthu wamwamuna. Imvi, masaya olowa, milomo yong'aluka ndi chisanu, koma maso anu enieni. Anali atasiya tingolo tija, manja atatambasula, akuseka ngati mwana. Anali ataiwala kuti akundizemba.

Mnyamata wa galimoto anandifunsa m'chilankhulo cha kuno ngati munthuyo ndikumudziwa.

Ndinayankha kuti ayi. Ndinati ndi munthu wakwathu chabe, mwina wandifanizira ndi wina, anthu otere amakonda kudziphatika akaona wakwawo. Ndinalankhula mokweza, ndi kaseko pang'ono. Sindinaganize n'komwe kuti chilankhulocho iwo amachimva kuposa ine.

Manja aja anatsika pang'onopang'ono. Anandiyang'ana, anayang'ana anzangawo, kenako anawerama mwaulemu. Anati pepani mayi, ndalakwitsa, maso akukalamba. Ndiye anatenga katundu wathu m'kangolo n'kuyamba kutilongedzera m'galimoto, mabotolo pansi, buledi pamwamba kuti asaphwanyike. Mnyamata uja anawafumbatitsa kandalama. Iwo anathokoza. Ine ndinali nditalowa kale m'galimoto, ndikuyang'ana mawondo anga.

Paphwando paja sindikudziwa chimene chinalankhulidwa. Wina anakweza kapu, nati tisaiwale kudzacheza kwa mphwake wa injiniya, anthu n'kuseka. Ndinalakalaka nthaka itang'ambika.

M'mawa mwake ndikupinda zovala, Nsungwi anakhala pa sutikesi yake n'kumandiyang'ana. Kenako anati iye si wanzeru kwambiri, koma kampata ka pakati pa mano kamene ndili nako ine anakaonanso dzulo pa bambo wa tingolo. Anati bambo ake omwe ndi oyendetsa lole ya zinyalala, ndipo akanakhala kuti wina wawakana chonchija iye akuona, akanamuthyola khosi. Sanakalipe. Anangonyamula jekete yanga n'kundiponyera.

Ku sitolo kuja sindinawapeze. Kapitawo wawo anati aimba foni kuti sakupeza bwino, chinthu chimene sanachitepo chiyambire. Poyamba anakana kundiuza kumene amakhala. Nditanena kuti ndine mwana wa mlongo wawo, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nati ndiye ndiwe wa ku yunivesite uja, watibowa nawe munthuyu. Anandilozera basi yokwera.

Amakhala m'chipinda cha pansi pa nyumba yosanja, kotsikira masitepe a simenti onunkha chinyontho. Zenera ndi limodzi, lili m'mwamba, ndipo ukasuzumira umangoona nsapato za anthu odutsa mumsewu. Muli bedi, mpando umodzi, kambaula ka magetsi, ndi chingwe choyanikapo masokosi. Koma mwasesedwa bwino, bulangete lopindidwa makona anayi, monga mumatiphunzitsira inu. Pakhoma pali zithunzi zathu zonse zimene munkatumiza. Cha agogo chili pakati.

Atatsegula chitseko sanadabwe. Anangoti lowa, kunja kukuzizira. Ine ndinagwada pomwepo pakhomo, mamina ndi misozi kusakanikirana. Anandidzutsa, nati simenti ya kuno si yogwadira, ndidwala mawondo ndisanakwatiwe. Anandikhazika pampando, iwo pabedi, n'kuteleka madzi a tiyi.

Ndinapepesa. Ndinapepesa mpaka mawu anandithera. Iwo anati zinawapweteka, sangandinamize, anafika kunyumba osadziwa kuti ayenda bwanji. Koma anati atakhala pansi anadzifunsa kuti wayamba kukana mnzake ndani. Anati iwo andikana teremu yonse, ine ndawakana kamphindi chabe.

Kenako anavula nsapato ya kumanzere n'kundionetsa phazi. Amayi, sindifotokoza. Zala zina palibe.

Nkhani yake ndi iyi. Atangofika kuno anapezadi ntchito pa mlatho, yonyamula zitsulo ndi kusakaniza simenti. Anakulemberani kuti apeza ntchito pa mlatho, basi. Yankho lanu linayamba ndi mawu akuti "kwa ainjiniya athu". Akuti anaseka, nati adzakonza m'kalata yotsatira. Koma asanakonze anamva kuti abambo aimirira pa ukwati wa msuweni wanga n'kulengeza kuti banja lathu lili ndi injiniya kunja. Anamvanso kuti agogo akuuza aliyense wodutsa pakhomo. Anati anaona kuti akanena zoona avula anthu ambiri pagulu. Anakhala chete, ndipo chete uja anakula.

Chitsulo chinawagwera sabata yomwe agogo anamwalira. Uthenga wa maliro unawapeza ali gone m'chipatala, phazi lili m'mabandeji, madokotala akukambirana zodula. Anakuuzani kuti ntchito yawapanikiza. Anati anaona kuti kuli bwino muwade ngati munthu wonyada kusiyana n'kuti mulire maliro awiri nthawi imodzi. Mayi awo anawalira okha, nkhope ataphimba ndi pilo kuti asasokoneze odwala anzawo.

Zaka zonsezi inu mwakhala mukunena kuti mlongo wanu anasankha mlatho kusiya mayi ake. Nanenso ndinakula ndikunena zomwezo. Amayi, sindikukuimbani mlandu, ine ndilibe pakamwa poimbira munthu mlandu. Koma chipewa chimene tinawaveka chinali chachikulu, chinawatseka maso, njira yobwerera kwathu osaionanso.

Tikumwa tiyi anasolola chikwama pansi pa bedi. Munali chikhothi chatsopano cha chisanu, chofiirira, mapepala a m'sitolo akadali pomwepo. Anagula sabata yomwe ndinafika. Akuti ankakwera basi kuti adzandipatse, koma akaona geti la yunivesite ankapitirira osatsika. Anaseka, nati tsopano poti ndikubwerera, kwathu kotentha kuja ndizikafundika nacho nthochi. Ndinachivala pomwepo. Chinandikwana ngati anachita kundiyeza.

Lolemba kunali tiyi womaliza ndi aphunzitsi athu, ndipo aliyense ankaloledwa kubwera ndi mlendo. Ndinawapempha kuti tipite limodzi. Anakana kwamtuwagalu. Anati ndisadziwotche kawiri. Ndinawauza kuti akapanda kubwera ndibweretsa kalasi yonse poimika magalimoto paja. Anandiyang'ana nati mwano uwu ndi wa achemwali, palibe kukayika.

Anabwera. Anavala suti yakuda yomwe inayamba kuwakulira, nsapato atapolisha mpaka kuwala. Ndinawagwira mkono n'kulowa nawo m'holo. Ndinaima pamaso pa onse n'kunena kuti awa ndi amalume anga, mlongo wa amayi anga. Ndinati si injiniya, ndinkanama. Ndinati amagwira ntchito ku sitolo, ndipo Lachisanu ndinawakana pamaso pa anzanga awiri.

Mnyamata wa galimoto uja anafiira mpaka makutu, ngati wolakwa ndi iye. Ena anayang'ana m'makapu awo. Mtsikana wina amene ndinkadya naye tsiku lililonse sanandilankhulenso mpaka lero, ndipo sindikumuda. Nsungwi ndi amene anatiwombola. Anabwera ndi mbale ya makeke, n'kuwauza amalume kuti akhale pansi, lero wowatumikira ndi iye. Pomaliza ndinawapeza akuseka ndi aphunzitsi athu a masamu, akutsutsana za mpira.

Manyazi sanandichoke, amayi. Ndikamatsuka m'mano ndimaona manja aja akutsika. Amalume akuti zidzatha, koma ine sindikufuna kuti zithe msanga.

Za kalatayi akudziwa. Poyamba anandichonderera kuti ndisakuuzeni. Ndinati ine kunama ndatopa nako, ndipo sindingakhale nanu pa tebulo limodzi mukuwatchula injiniya ine ndikumeza. Kenako anati iwo pakamwa pawo sipangathe, ndilembe ndine. Anangopempha chinthu chimodzi, kuti ndisalembe zoti analira. Ndiye sindilemba.

Tsopano pempho langa ndi ili. Kwathu amakufuna. Sananene, koma anandifunsa ngati mpanda wa kuseri uja unagwa, ngati mukadang'ung'udzabe nyimbo mukakwiya, ngati manda a agogo amalambulidwa. Munthu wosafuna kwawo safunsa zimenezo. Chimene akuopa si ulendo. Akuopa nkhope yanu.

Lamlungu masana sagwira ntchito. Aimbireni ndinu, musadikire iwo. Abambo muwauze nokha mmene mukudziwira, ndipo muwaletse zolankhula pa maukwati. Akayankha foni musayambe ndi kulira, ndipo musawafunse chifukwa chake anabisa, ayankha kale kwa ine. Muwatchule mmene munkawatchulira muli ana. Muwafunse ngati phazi limawawa kukazizira. Limawawa, koma adzakuuzani kuti ayi. Inu mufunsenso kachiwiri.

Ndikafika, ngati mudzafune kundikalipira, ndidzakhala pansi n'kumva zonse. Ndikuyenera.

Mundiperekere moni kwa abambo, azakhali ndi ana awo onse, ndi amayi a kuseri amene anandisokera chikwama. Mng'ono wanga mumuuze kuti nsapato zake ndagula, asiye kundilota. Mulungu akusungeni ndi mphamvu mpaka tidzaonane maso ndi maso, ndipo akufewetseni mtima Lamlungu lisanafike.

Ndine mwana wanu wachisamba,
amene wachita manyazi koma akubwera.