Za Maliro a Kenani Zimba, Amene Anaikidwa ndi Akaidi

Msonkhano wa Komiti ya Mpingo wa Anyasa, Sakubva, Umtali. Lamulungu, 14 Malichi 1937, m'nyumba yopemphereramo.

Opezeka: Bambo Saulosi Kamwendo (Wapampando), Bambo Mailosi Chikuse (Wachiwiri), Mayi Tabitha Msusa, Goodson Gomani (Mlembi). Woitanidwa: Mayi Tecla Zimba, wamasiye.
Osapezeka: Bambo Edson Kachingwe, ali ku ntchito ku njanji.

1. Wapampando anatsegula ndi pemphero 2 koloko masana. Linali lalifupi kuposa masiku onse.

2. Mlembi anafotokoza kuti mbale wathu Kenani Zimba, wa ku Dedza, anamwalira kuchipatala Lolemba. Achipatala anadikira masiku atatu kuti mpingo ukatenge thupi. Sikunapite munthu. Lachisanu anaikidwa ndi akaidi, popanda nyimbo, mkazi wake akutidikira pakhomo.

3. Wapampando anati sanalandire uthenga mwamwambo. Anati maliro amakawanena kwa mkulu, osati kumva mumsewu ngati mtengo wa mphale, choncho anakhala kudikira mthenga. Bambo Chikuse anati uthenga unafikira iwo, koma anadzozedwa ukulu kumudzi Wapampando asanabatizidwe n'komwe, ndipo sakanayenda kukagwada pakhomo pa mwana. Wapampando anamenya tebulo. Mawu otsatira sanalembedwe.

4. Mayi Msusa anafunsa ngati Ambuye anadikira mthenga asanatenge beseni kusambitsa mapazi a ophunzira. Anati nyumba za akulu awiriwa zatalikirana mayadi osakwana zana, nkhuku zawo zimadyera pamodzi. Anatinso amayi a Chimanyika, eni dziko kuno, kumsika akufunsa ngati Anyasa amatayana chonchi, ndipo iwo alibe pobisa nkhope.

5. Mlembi anavomera kuti naye anadziwa Lachiwiri, koma anaopa kulowa pakati pa akuluakulu. Akulemba izi ndi manyazi aakulu.

6. Mayi Zimba atapatsidwa mpata anati: "Abambo anga, sindinabwere kudzakuweruzani. Ndionetseni pomwe agona basi. Abale awo akadzandifunsa ndidzaloza pati?" Panalibe wodziwa.

7. Wapampando anatsika pampando wa ndodo zam'mbali nakhala pabenchi. Anati mpando anauteteza, nkhosa yatayika. Bambo Chikuse atapemphedwa kukhala pampandopo anakana. Kunagwirizanidwa kuti:
(a) Loweruka awiriwa apite okha kukapempha woyang'anira akaidi awalozere manda, anyamule makasu akaundire ndi manja awo.
(b) Kuyambira lero, woyamba kumva maliro ndiye mthenga, kaya ndi mkulu wotani.

8. Zina ndi zina: Mlembi anafunsa kuti m'kalata yopita ku Dedza alembe kuti anaika malemu ndani. Bambo Chikuse anati tingolemba "anaikidwa bwino". Bambo Kamwendo anati ayi, lembani zoona: anaikidwa ndi akaidi, ife akulu a mpingo tili m'nyumba zathu.

Msonkhano wotsatira: 11 Epulo 1937. Mayi Msusa anatseka ndi pemphero 4 koloko.

Saulosi Kamwendo (mawu oti "Wapampando" afafaniza ndi dzanja lawo)
Goodson Gomani, Mlembi