Buledi Wotentha Pageti

Lolemba, 16 Okutobala

M'mawa ndikutsegula geti kuti ndikataye zinyalala, ndapeza buledi pakhomo penipeni. Wozungulira, wa mu uvuni wadothi, ali pansi popanda ngakhale kansalu. Ndani wopanda mutu angaike buledi pafumbi? Ndamutola, ndamupsompsona, ndamugunditsa pachipumi, ndamuika pamwamba pa mpanda. Anali wotentha. Apa ndiye pandiimitsa mutu, chifukwa kunja kunali chisanu choluma ndipo ophika buledi a mumsewu mwathu anali asanakoleze moto.

Nyumba ino ilibe chikwangwani. Aneba amati ndi kosokera zovala. Ngakhale mchemwali wanga sadziwa kuti ndimaphikira azimayi othawa nkhanza za amuna awo.

Lachiwiri, 17 Okutobala

Winanso. Malo omwewo, wotenthanso. Galu wa aneba, amene amauwa ngakhale tsamba likagwa, ziii.

Ndawauza a Burul-eje, bwana wathu (eje ndi mawu aulemu oitanira mayi wamkulu kuno). Akuti mwina ndi munthu wachifundo. Ine, "Wachifundo amagogoda, eje." Akuti tione kamera. Kamera iti? Ija inafa chaka chatha, ili pongoopsezera ana.

Zuura wandithandiza kusenda karoti wa mpunga. Ndi uja anabwera mwezi watha ndi kamwana kake Akmaral, samavula mpango ngakhale pogona. Lachisanu ali ndi mlandu kukhoti, wothetsa banja ndi woti mwana akhala ndi ndani. Loya wanenetsa kuti akapanda kuonekera, mwamuna wake akanena kuti mkazi anasowa, mwana n'kupita kwa apongozi. Za buledi sindinamuuze. Ali ndi zokwanira kale.

Lachitatu, 18 Okutobala

Ine ndine chitsiru. Wa leroyu ndamulowetsa m'nyumba, poti buledi satayidwa, ndamuika patebulo pamodzi ndi tiyi. Zuura kungomuona, kapu gwa! Wakhala akuyang'ana pakati paja, pamene amadinda ndi chidindo cha timisomali kuti buledi asafufume. Duwa la chidindocho ndi loperewera mbali imodzi, ngati m'kamwa moguluka dzino.

Ndamufunsa ngati ndi wa apongozi ake. Wapukusa mutu. "Chidindo ichi ndi cha amayi anga. Msomali umenewo ndinathyola ndine ndili mwana."

Kenako waulula. Akuti anawaimbira kamodzi pa foni ya mnzake, kuwauza kuti ali moyo, ali kuno mumzinda wa Osh, pafupi ndi msika wa nkhosa. Basi. Lamulo loyamba la pano ndi lomwelo, osauza munthu! Ndinafuna kumukalipira, koma ndangotola kapu ija.

Tonse patebulo tadziwa tanthauzo lake. Zuura anachita kubedwa ndi mwamuna wofuna kumukwatira pobwera kusukulu, n'kumukankhira m'galimoto. Atafuna kutuluka m'nyumba ya mwamunayo, azimayi anamuikira buledi pakhomo. Ndani angalumphe buledi, poti kwathu kuno ndi tchimo? Anakhala. Amayi ake anafika m'mawa mwake n'kumuuza kuti akhazikike, asawachititse manyazi.

Koma abale, kwao ndi kuseri kwa mapiri, ulendo wa theka la tsiku. Nanga buledi akufika wotentha bwanji? Ndikuopa, ndisaname.

Lachinayi, 19 Okutobala

Ndadziwa.

Nyumba ya tsidya la msewu, ija eni ake anapita kukagwira ntchito ku Russia, yokhomedwa matabwa m'mawindo. Masana dzuwa lili phwee ndikuyanika matawulo, ndaona kautsi kakukwera kuseri kwake, pamene pali uvuni. Ndiye ndamva manja akuomba mtanda, pha, pha, pha, mosafulumira. Munthu osaoneka. Tsitsi langa nyau.

A Burul-eje aimbira wapolisi wina. Akuti waseka, "Eje, ndimange gogo chifukwa chogawa buledi?" Mxii.

Akmaral ndamupeza atagwada pageti, diso pakabowo ka kiyi. Ndamukoka. Akuti, "Agogo akundipatsa moni." Ndasuzumira ine, msewu uli mbee.

Geti ndi limodzi lomweli. A Burul-eje akuti mawa tiika makwerero kumpanda wa kuseri kuti Zuura atulukire kumeneko popita kukhoti. Zuura wakana. "Ndatopa n'kutulukira m'mawindo, eje." Ine ndamulonjeza kuti ndidzuka msanga, ndichotsa chilichonse ndipeze pakhomo iye asanatsike. Sanadye tsiku lonse. Wangokhala pawindo la kukhitchini kuyang'ana utsi uja, milomo ikuyenda ngati akuyankha munthu.

Lachisanu, 20 Okutobala

Ndadzuka m'bandakucha monga ndinalonjezera.

Ndatsegula geti. Buledi sanali mmodzi ayi. Anayalidwa mzere kuyambira mbali iyi mpaka iyo, nthunzi ikufuka. Pambali pake, pansi, gogo wamng'ono thupi, mpango woyera, ufa mpaka m'zigongono. Nkhope ya Zuura yeniyeni, koma youma.

Ndawerama kuti nditole. Iwo osandiyang'ana n'komwe, "Usakhudze, mwanawe. Si wako." Ine mayi wamkulu, wokalipira ngakhale ogulitsa nyama pamsika, manja anga akana. Ndangoima ngati mtengo.

Galimoto ya a Burul-eje inali italira kale pamsewu. Zuura watsika, mwana kuchiuno.

"Apa," watero Zuura, mmene timaitanira amayi kuno, "chotsani buledi."

"Bwerera kwa mwamuna wako, mwana wanga. Kumudzi sandiitananso ku ukwati. Kumaliro ndimakhala ndekha pakhomo. Mng'ono wako amukwatira ndani?"

"Apa, chonde."

"Ine ndinapirira. Amayi anga anapirira. Iwe ndiwe wagolide?"

Zuura wamasula mpango. Ine ndemwe ndinali ndisanaonepo. Khutu la kumanzere latsala theka, tsitsi mbali yonseyo kulibe, khungu lonyezimira lopsa ndi mafuta. "Onani, apa. Onani kumene mukundibwezera."

Gogo watsinzina. Watsinzina zolimba, ngati mwana wokana mankhwala.

A Burul-eje aliza hutala. Zuura wayang'ana pansi nthawi yaitali, ine mumtima ndati basi, wabwerera m'nyumba, mwana wapita. Ndiye wakweza siketi pang'ono ndi dzanja limodzi, walumpha. Ndamva azimayi kumbuyo kwanga akuti "Mayo!"

Gogo watsegula maso, wakweza manja ngati akudalitsa, kenako wawatembenuza, zikhato kuloza kunja. Temberero la mayi. Ndinkangomva, sindinalionepo. Zuura waona. Waima kamphindi, nkhope yonse misozi, walowa m'galimoto mutu uli pamtunda, mpango watsala pansi. Apita.

Tatsala awiri, ine ndi gogo uja, buledi pakati pathu akuzizira. Manja anawatsitsa mochedwa. Atola mpango uja, aupinda bwinobwino pamwendo, akuusisita. Ndalowa, ndatuluka, ali pompo. Ndawapititsira tiyi, sanamwe.

Posachedwapa andiitana ndi mawu aang'ono. "Khutu lija, ndi mwamuna wakeyo anamuchita?"

Ndati inde.

Kenako adzuka movutikira, akugwira mpanda. "Khotilo lili mbali iti?"

Sindikudziwa ngati akufuna kukakhala pambali pa mwana wawo kapena kukamugonera pakhomo kumeneko kuti asalowe. Nkhope siikunena kanthu. Ndawauza kuti adikire ndikazimitse moto.

Moto ndazimitsa kalekale. Akadali pageti, akundidikira.