Za Mlendo Amene Sanayatse Kompyuta

Msonkhano wa komiti ya makolo ndi aphunzitsi
Tsiku: Lachinayi, pa 14 Marichi
Malo: M'kalasi ya Sitandade 6
Analipo: Wapampando, Ahedi, Anesi, Atelala, Make Mapasa ndi Mlembi
Opepesa: Msungichuma (dzino lawavuta)

1. Kutsegula
Wapampando anatsegula ndi pemphero lalifupi, zomwe sizichitikachitika.

2. Ulendo wa katswiri wa makompyuta
Ahedi anakumbutsa komiti kuti mwana wamkazi wa Atelala, yemwe ndi katswiri wa sayansi ya makompyuta, anabwera kudzaonetsa ana ntchito yake. Anati komiti igamule ngati abwerenso.

Make Mapasa anakanitsitsa. Anati makolo anapukuta makompyuta mpaka kuwala, koma mlendoyo sanayatse ndi imodzi yomwe. M'malo mwake anasandutsa Ahedi kompyuta, n'kuuza ana kuti awalamule kuthira madzi m'kapu. Ana anati "nyamulani jagi", anati "thirani", koma anaiwala kunena kuti "lekani". Ahedi anangothirabe mpaka madzi analowa m'nsapato. Make Mapasa anati uku n'kuchotsa ulemu wa akuluakulu, ndipo mapasa awo tsopano akatumidwa kusesa amafunsa kuti asese mpaka pati.

Ahedi anayankha kuti nsapato zinauma kalekale. Anati ana anakangana okhaokha mpaka anapeza pamene analakwitsa, khama limene pa masamu sanalionepo. Anesi anaphulika kuseka. Wapampando anawadzudzula, kenaka nawonso anaseka.

3. Mawu a Atelala
Atelala anapempha kutuluka poti nkhani ndi ya mwana wawo, koma Wapampando anati akhale pansi. Atelala anati kwa zaka zambiri akafunsidwa ntchito ya mwanayo amangoti "amakonza makompyuta". Ndiye mwanayo akabwera kunyumba amapeza anthu akumudikirira ndi mafoni akufa, ndipo masiku ano sabwerabwera. Anati tsiku la ulendowo iwo anaima pawindo la kalasi kusuzumira. Anapempha kuti mawu awa alembedwe mmene alili: "Kodi mwana wanga ntchito yake n'kuphunzitsa chinthu chopanda nzeru, pang'onopang'ono, osapsa mtima? Ine bambo wake sindinkadziwa, ndipo zimandipweteka. Mukamuletsa, ndikaphunzira kuti?"

Mlembi akuvomera kuti apa cholembera chinayamba chaima.

Make Mapasa anati iwo si oipa mtima, bola ulendo uno kompyuta imodzi iyatsidweko.

Chigamulo: Onse anagwirizana kuti mlendoyo aitanidwenso.

4. Zina ndi zina
Atelala anapempha kudzalowa nawo m'kalasi. Wapampando anati mabenchi ndi a ana. Atelala anati adzanyamula mpando wawo wa pamashini osokera, koma komiti isamuuze mwana wawoyo. Akufuna adzangowaona atakweza dzanja.

5. Kutseka
Komiti idzakumananso Lachinayi loyamba la Epulo. Msonkhano unatha belu loweruka litalira, ndipo pemphero anapereka ndi Make Mapasa.

Wapampando: ____________
Mlembi: ____________