Njinga ya Golden Ilibe Mabuleki

Turffontein, Joni
Mwezi wa Julayi

Okondedwa achimwene a Ackson,

Mwe uli mose ku Chintheche? Msana uja wakusiyani, kapena ukumakugwiranibe mukachokera kunyanja? Nanga alamu anga NyaManda, BP ija ikutsikako? Ine kuno ndili bwino, kungoti kuzizira kwa chaka chino kwandilowa m'mawondo. Mwana wanu Golden alinso bwino. Ndayambira dala pamenepa kuti mtima ukhale pansi musanawerenge zinazo. Ali bwino ndithu, manja ndi miyendo zonse zilipo, akudya ngati anthu atatu.

Kalatayi ndapatsira Dingani wa thiransipoti pamodzi ndi mabulangete ndi mafuta ophikira. Mudabwa kuti Bessie wayamba liti zolemba makalata foni ali nayo. Ndayesa kukuimbirani, achimwene, koma ikangoyamba kulira ndimadula ndekha. Ndiye mupirire nazo zilembo zanga za Sitandade 4, pena muzingoganizira.

Titaika m'manda mwana wanu wamkulu Howard, atagundidwa pa kabaza paja pa Kande, munandiitanira kuseri kwa nyumba. Munati ndimutenge mng'ono wake Golden ndibwere naye kuno, atalikirane ndi njinga zamoto, chifukwa alamu sangathenso kuika mwana wina. Ine ndinati ankhazi ake ndine, azakhali ake enieni, bola ndili moyo sadzagwiranso handulo. Mawu amenewo sindinaiwale. Ndiye mvetserani zimene zachitika.

Mdala amene ndimamusamala kuno, a Kobus, ndi yemwe anamulembanso Golden ntchito ya m'gadeni. Ndi wokalamba kwambiri, amayenda pa wilutcheya, ndipo mutu unayamba kutayikira. Amadya, mbale ndisanachotse n'kumandifunsa kuti chakudya chibwera liti. Koma mungomuyamba za sipidiwe, eee, simugona. Sipidiwe ndi mpikisano wa njinga zamoto, koma osati pamsewu ayi. Amathamanga pabwalo ladothi lozungulira ngati dzira, anthu anayi nthawi imodzi, kuzungulira kanayi basi zatha. Njinga zake zilibe mabuleki. Ndalemba bwino, achimwene, musaganize kuti ndalakwitsa. Zilibe mabuleki, anachita kuzipanga choncho. Pokhota munthu amaigoneka njinga chammbali, phazi lamanzere n'kumakwekweza pansi atavala nsapato yachitsulo.

Mdalayu akuti anakulira ku Bulawayo, ndipo bambo ake ankamunyamula pakhosi kupita naye kukaonera. Akuti masiku amenewo bwalo linkadzaza, ena kukwera m'mitengo, ndipo kunkabwera akatswiri ochokera ku Mangalande kuthawa chisanu cha kwawo. Mayina awo amawatchula onse, wina ndi wina, pamene dzina la mdzukulu wake weniweni limamusowa. Akuti mkazi wake malemu anamupeza komweko, njinga itawaza dothi pa diresi yake yoyera, iye n'kumubwereka mpango. Ali ndi sikafu yakalekale yodzaza mabaji, yonunkha, koma tsiku lina nditati ndiichape anandikalipira ngati ndamubera. Amanenanso za munthu wina wa ku Nyasalande amene ankathira madzi pabwalopo kuti fumbi lichepe. Ine ndimaseka ndekha kuti kaya anali malume Zacharia aja anatchona aja, paja sitinamve komwe anathera.

Atasamukira ku Joni akuti anapezanso bwalo lalikulu, koma analiphwanya kalekale. Tsiku lina tikuchokera kuchipatala anauza mwana wake Angela, amene amatiyendetsa, kuti aime penapake. Panali mashopu ndi poimika magalimoto basi. Mdala analoza pomwe pali sitolo ya matayala n'kunena kuti apa ndi pamene ankakhotera. Analira, ine n'kumupukuta. Masiku ano kwatsala kabwalo kamodzi kufamu, kunja kwa tauni. Oonera ake ambiri ndi nkhalamba, ndipo okwera akutha. Madala amenewa akaona mnyamata wa manja abwino amamuyang'ana ngati mphaka waona usipa pathandala.

Apa ndi pamene ine ndinagona tulo. M'galaja mwa a Kobus munali njinga ina yakale yovundikira, yoti sinalire zaka ndi zaka. Golden anaitsuka, anaigwiragwira, tsiku lina ndili kukhitchini ndinangomva chiphokoso. Ndinathamanga, ndinamupeza mdala akuombera m'manja. Ndinamukalipira Golden, iye anati amangoilizitsa kuti agogo asangalale, sakwera. Kenako Loweruka lililonse anayamba kumapita ndi anzawo a mdala, akuti kukagwira ganyu yosalaza bwalo ndi kukankha njinga. Ndinkaona zovala zikubwera zofiira ndi dothi, ine n'kumachapa, n'kumati mwana wa achimwene ndi wolimbikira.

Loweruka lapitali Angela anati kufamu kuja kuli tsiku lokumbukira akale, bambo ake akufuna apite, ndiye ine ndipite nawo ndizikankha wilutcheya. Titangotsika galimoto ndinamva fungo, mtima unangoti phwii. Nsatsi, achimwene! Akuti amathira mafuta a nsatsi mu injini. Ndinakumbuka ama akutidzoza tili ana, ine ndili pakati pa azungu ku Joni. Koma kenako chimene ndinaona ndi ambulansi, itaima kale pambali, chitseko chotsegula. Masewera anji oti ambulansi imafika anthu asanayambe? Asanayambe onse anaimirira, anavula zipewa, wina n'kumawerenga mayina a okwera amene anafera pa njinga kuyambira kalekale. Mayina anali ambiri. Ine mumtima ndinawonjezerapo la Howard.

Kenako anayamba. Phokoso lake limalowa m'mano. Akafika pokhota dothi limawaza anthu, agogo achizungu n'kumadzitchinga ndi timabuku tawo tolembamo zigoli, akuseka. Atatuluka anayi ena, maso anga anakakamira pa mmodzi wovala chipewa chabuluu. Nkhope sinkaoneka, koma mmene anagwedezera phewa asananyamuke, ndi mmene mumachitira inu mukamayamba kukoka khoka lanu la chilimira. Mdala anandigwira dzanja, akuseka, n'kundiuza kuti ameneyo ndi mnyamata wanga Golden.

Ndinafuna kukuwa kuti amutsitse. Mulungu ndi mboni, ndinatsegula pakamwa kuti nditero. Koma chingwe choyambitsira mpikisano chinali chitakwera kale, atapita. Ananyamuka womaliza. Kuzungulira koyamba anadutsa mmodzi. Wina anagwa yekha n'kudzuka. Kutsogolo kunatsala mzungu wina wamtali amene akuti wakwera zaka zambiri, ndipo anatseka njira yamkati. Pokhota pomaliza Golden anapita kunja, kufupi ndi mpanda, mpaka ndinati wagunda. Anatulukira m'fumbi muja ali patsogolo.

Achimwene, sindikudziwa chimene chinandigwira. Wilutcheya ndinaisiya. Ndinamasula chitenje n'kumachizunguza m'mwamba, nthungululu ngati pa ukwati, kukuwa m'Chitonga kuti ameneyo ndi mwana wa kwa Longwe, wa ku Chintheche, abwere wina amuone! Ndinakumbatira mayi wina wachizungu amene sindikumudziwa n'komwe. Atavula chipewa, Golden ankaseka. Inu mukudziwa kuti chimwalirire mkulu wake mwana uja mano ake tinali tisanawaone. Kuno ankangodya, kugwira ntchito, kukagona. Tsiku limenelo anaseka mpaka kukhala pansi. Madala anamuzungulira, a Kobus anavula sikafu yawo ija n'kumukoleka m'khosi. Ngakhale pano ndikulemba, ndikamakumbuka, ndikumwetulira ndekha ngati wamisala.

Vuto lina ndi ili. Kumeneko kunali Joel, mnyamata wa ku Limphasa amene amaotcha soseji pageti. Anajambula zonse pafoni, mpikisano ndi ine ndi chitenje changa, n'kuponya pagulu lathu la pafoni la maliro la Atonga a kuno. Anthu akungotumizirana. Lamulungu kutchalitchi amayi ena amandiitana kuti ankhazi a sipidiwe. Sipatenga nthawi, wina akaonetsa alamu pamsika kapena pachigayo, ndipo ndi BP yawo ija ndikuopa.

Musaganize kuti sindinayese kumuletsa. Lamulungu titaweruka ndinamuitanira m'chipinda changa, mawu nditawakonza bwinobwino. Anakhala pansi, anandimvera mpaka ndinamaliza. Kenako anati akudziwa kuti wandichititsa manyazi kwa inu. Anati pamsewu sadzakweranso, chifukwa kumeneko kuli malole ndi oledzera, pamene pabwalo onse amalowera kumodzi. Ndinamufunsa za mayina aja anawerenga, ngati eni ake anagundidwa ndi lole. Iye anati akakhala pa njinga ija ndi pokhapo pamene samuona Howard atagona pa tala. Anati akamva kwa ada ake kuti asiye, nsapato yachitsulo akabweza tsiku lomwelo, sadzatsutsa. Koma amve pakamwa panu, osati panga, chifukwa ine anandiona mmene ndinavinira.

Ine ndinangomva pakamwa panga pakufunsa kuti kodi mzungu uja anamudutsa bwanji kunja kuja. Ankhazi ake ndi amenewo, achimwene. Munatuma munthu wolakwika.

Ndiye pempho langa ndi limodzi. Kalatayi ikangofika, khalani pansi ndi alamu, muwauze nokha anthu asanawauze, ndipo mukatero mumuimbire Golden. Mpikisano wina uli kumapeto kwa mwezi uno, ndipo dzina lake alilemba kale. Musandifunse kuti mumuuze chiyani, ine nzeru zandithera. Usiku ndimati asiye, mwana wa eni ake, ndingadzabwere naye m'bokosi pa thirela ya Dingani ndidzayang'ana ndani? Kukacha ndimamumva akuimba muluzu m'gadeni, ndiye ndimati nanga tikamulanda, tidzatsala ndi Golden uti? Fupa lokakamiza silichedwa kuswa mphika. Komanso manda a ku Chintheche ndawaona ndi maso angawa.

Madala aja amupatsa jekete lokwerera, ndipo a Kobus anandipempha kuti ndisokerepo dzina kumsana, monga ankachitira akatswiri akale. Ndinati ayi. Kenako ndinapezeka ndadula zilembo pa nsalu yoyera. Ndasoka zitatu, zitatu zatsala. Ndaimira pomwepo, singano ndaibaya pa jeketepo, ili pamwamba pa wadiropu. Foni yanu ndi imene indiuze ngati ndimalize kapena ndisomole.

Mundiperekere moni kwa alamu anga NyaManda, muwauze kuti akafuna kunditukwana anditukwane, ndimva, koma ayambe amwa mankhwala. Moni kwa ama aang'ono ku Kande, kwa asuweni onse, kwa mkazi wa malemu Howard ndi kamwana, ndi kwa amayi anzanga a Umanyano kutchalitchi. Amenewo andipempherere, asafunse zambiri. Golden sakudziwa kuti ndalemba. Foni yake imakhala m'thumba nthawi zonse, ngakhale akuthirira maluwa, ndipo ikalira amayamba wayang'ana dzina.

Yewo ukongwa, khalani bwino.

Ndine mlongo wanu wosowa pogwira,
Bessie NyaLongwe