Agogo Anatisiya, Koma Osati Kumanda

Wokondedwa msuweni,

Dzulo ndinalankhula pafoni ndi mng'ono wawo wa amayi, munthu amene tonsefe sitinkadziwa kuti alipo. Kuno tili bwino, kaya iwe kumeneko.

Ukukumbukira kuti tikafunsa za agogo aamuna, agogo aakazi ankangoyankha kuti, "Anatisiya." Ife tinkamva ngati anamwalira. Nditasaka chikalata cha imfa yawo osachipeza, ndinapita kukhoti kukapempha mafayilo a maukwati otha. Dzina lawo linali momwemo. Agogo aakazi sananame, anasiyidwadi. Amuna awo anasamuka n'kukakwatiranso, ndipo kumene fayiloyo inatchula n'kumene ndapeza mwana wawoyu.

Ndi mayi wansangala. Anaseka mpaka kutsokomola, amvekere, "Mwanawe, ndiye munawaika bambo anga akadali moyo? Iwotu anafa ndi ukalamba, mano onse atatha!" Kasekedwe kake ndi ka amayi kenikeni.

Amayiwo sindinawauze. Paja amanena kuti bambo awo akanakhala moyo sakanalephera kudzawaona.

Mlendoyu akubwera Loweruka ndi zithunzi. Mawa ndikhala pansi ndi amayi.

Ndine msuweni wako.