Waya wa bangwe ya ababa

Kwa Goliyo, Ndirande
Blantyre
14 Julaye

Achemwali anga a Bernadeta,

Landirani moni nonse kumeneko ku Bangula. Muli bwanji inu, alamu ndi ana? Mwendo uja unatupa nthawi yokolola unaphwa? Nanga ababa, chifuwa chikuwalola kugona? Ine kuno ndilipo, vuto ndi chisanu. Chiperoni chatikhalira sabata yathunthu, phiri la Ndirande silikuoneka n'komwe. Ife ana a kuchigwa thupi silizolowera, ngakhale ukhale kuno zaka khumi.

Musadabwe kuti ndalemba kalata foni ilipo. Pafoni ndimapsa mtima msanga, mukundidziwa, ndipo sindikufuna kuti nkhani iyi ithere pakudulirana. Kalatayi yabwera ndi kaphukusi. Musakatsegule musanawerenge mpaka pansi.

Ntchito ikuyenda. Njinga zamoto za kabaza zachuluka ngati ngumbi, ndipo eni ake amangodziwa kuthira petulo, oyilo sasintha mpaka injini itagogoda. Sabata yatha wina anandiuza kuti makaniko wa setifiketi ananena zosiyana ndi zanga. Ndinamuuza kuti akankhe njinga yake apite kwa wa setifiketiyo. Anabwerera Lachinayi, akukankhabe. Madzi kumpopi asowa masiku anayi. Mkazi wanga Selina sanabwerebe kuchokera kwawo ku Mulanje, ndipo ndasiya kumufunsa tsiku. Pakati pa sabata sindimva kanthu chifukwa cha phokoso la pashedi. Lamulungu ndilo limatalika. Ndikachoka ku Misa ndimachapa maovololo, basi, ntchito yatha, tsiku likadali lonse.

Tsopano nkhani imene ndalembera.

Ndili ndi kasitomala wina dzina lake Kondie, amene amanyamula ndi kulumikiza masipika a gulu lina loyimba. Mwezi watha mvula inamutsekera pashedi panga, ndiye anatulutsa laputopu n'kunena kuti tionere filimu ya nyimbo za blues. Ndinamuyankha kuti ine ndilibe nthawi ya nyimbo zovina mokumbatirana za kudisiko ya kusekondale. Anandiseka, akuti zimenezo si blues ayi, ndikhale pansi ndione.

Achemwali, ndinaona kwathu. Filimuyo ndi ya ku America, koma dziko lake ndi lathyathyathya, lotentha, minda ya thonje mpaka kumene maso alekeza, ndi mtsinje waukulu umene ukakwiya umalowa m'nyumba za anthu. Okalamba akuda ngati ife atakhala pakhonde la nyumba zamatabwa. Mmodzi anakhomera waya pakhoma ndi misomali iwiri, n'kumamuyimba akutsetsereza botolo. Wina gitala yake imalira ngati munthu. Chizungu chawo sindinachimve, poti changa ndinachitola m'mabuku a injini ndi pazikwangwani. Kondie ndiye amandimasulira. Munthu amanena mawu kamodzi, n'kuwabwereza ngati sunamve, kachitatu n'kudziyankha yekha. Madzi atenga nyumba. Mwini munda wandidyera. Wanga wapita ndi sitima. Palibe kukometsa, amangonena mmene zilili, ndipo ine anthu otero ndimawakonda. Sipanala inandigwa m'manja osadziwa. Ndinamuuza Kondie andiikire filimuyo m'foni, ndipo ndaionera kanayi ndekha m'nyumba.

Ataona kuti zandilowa, anandiitana kuti ndikamve gulu lawo Lamulungu lapitali masana ku Naperi. Ndi pabwalo lina la mitengo, mipando ya pulasitiki, anthu ambiri obwera pagalimoto. Ndinavala jekete ya ukwati ija n'kukhala kumapeto. Oyimba analipo anayi. Wotsogolera ndi a Haruna, bambo wa imvi wovala kofia, amene pakati pa sabata amasoka zovala ku Kanjedza. Iwo blues amayimba m'Chichewa, mwina n'kuponyamo Chiyao.

Nyimbo yachinayi inali ya mkazi dzina lake Aliya, amene anatenga mwana ndi mapoto n'kusiya chitseko chosatseka. Mawu a chitsekowo anawabwereza kawiri atatsinzina, ndipo kachitatu mawu anawathera pakhosi, gitala n'kumalizitsa. Anthu anayamba kuimba malikhweru ndi kuwomba m'manja. Ine magazi anawira. Munthu akunena tsoka lake, ena akukondwera! Ndinamuuza bambo wina wa pafupi nane kuti alibe umunthu. Anangondiyang'ana n'kusuntha mpando.

Atapumira, ndinachita zimene tinaphunzitsidwa kwathu. Ndinapita kutsogolo, ndinavula chipewa, ndinanjuta, n'kuwapatsa a Haruna dzanja lamanja, lamanzere litagwira chigongono, monga timachitira pasiwa. Ndinawapepesa, n'kuwauza kuti alimbe mtima, kwanganso chitseko chili chimodzimodzi. Woyimba ng'oma anaseka mpaka kugwetsa timitengo. Kondie anabisa nkhope kuseri kwa sipika. Wina anafunsa ngati ndabweretsanso ufa wa pamaliro. Pang'ono ndikanamugenda ndi mpando.

Koma a Haruna anawatontholetsa, n'kundikhazika pambali pawo. Anandithokoza, akuti zaka zonsezi palibe anawapepesapo. Kenako anandiuza kuti Aliya anachoka zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi zapitazo, pano ali ndi zidzukulu ku Mangochi, ndipo mayi amene amagulitsa samusa pageti ndiwo akazi awo a tsopano, nyimboyo amaiyimba nawo akamakazinga.

Ine sindibisa mawu. Ndinawafunsa kuti ngati zinatha kalekale, bwanji akumuvula mayi wa eni ake pagulu, mpaka kumutchula dzina? Sanakwiye. Anati munthu amene umamunyoza umangomujeda pa mowa, sutaya miyezi kumupekera nyimbo. Nyimbo umapekera amene malo ake sanakhalepo wina. Anati amene ananena kuti tsobola wakale sawawa sanamutafune bwino. Za malikhweru aja anati anthu sakuseka iwo ayi, aliyense amaliza likhweru pamene nyimbo yamukhudza pachilonda chake, chifukwa kulira pagulu sangathe.

Sindinadikire gawo lachiwiri. Ndinayenda wapansi kuchokera ku Naperi, kudzera pa Ginnery Corner mpaka kwa Goliyo, maminibasi akundiyimbira mahutala. Njira yonse ndimaganiza za Khirisimasi ija, zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo.

Inu munalipo. Ababa atakhala pansi pa msawu, bangwe ili pamiyendo m'chitini chake chokuzira mawu chija, anthu atazungulira. Anayamba kuyimba kuti Bonifasi wapita ku Blantyre, khasu lake lachita dzimbiri, thonje lamera udzu. Anabwereza. Amayi ena analuluta, amuna akuseka akundiyang'ana. Ine ndinali nditangofika dzulo lake, ndi shuga ndi malaya atsopano a iwo omwewo, ndipo ndinamva ngati andivula pamsika. Pulayala sichoka m'thumba langa. Ndinadula waya kamodzi kokha. Koma bangwe waya wake ndi mmodzi, amangomupinda kupita ndi kubwera pathabwa, ndiye ukadula pamodzi nsambo zonse zisanu ndi ziwiri zimagwa. Ababa anatola timitengo tochunira wayayo pansi, kamodzikamodzi, n'kuika m'thumba la malaya. Ine m'mawa mwake ndinakwera basi.

Munandiuza kangapo kuti chichokereni tsiku limenelo bangweyo sanaimangenso, ngakhale waya sasowa pa Bangula. Nthawi zonse ndimakukalipirani kuti nkhalamba ikufuna kundimvetsa chisoni. Moni wanga wakhala ukudzera mwa inu ngati ndi apongozi. Ndimati ndine wolakwiridwa, ndipo ndimakhulupiriradi zimenezo. Pano ndaona kuti bambo amene anali ndi mwana mmodzi wamwamuna, mayi athu atamwalira, sakanandigwira dzanja n'kunena kuti mwana wanga ndakusowa. Amuna a msinkhu wawo satero. Anali ndi thabwa ndi waya basi, ndipo ine ndinawatseka pakamwa ndi pulayala anthu akuona. Zinatengera okalamba a ku America ndi telala wa ku Kanjedza kuti ndimve zimene zinayimbidwa pakhomo pathu. Manyazi ake sindingawalembe.

Chikundiwawa china n'chakuti nyimboyo ndinaidula pakati. Mawu oyamba ndinawamva kawiri. Achitatu, aja munthu amadziyankha nawo, sindinawadikire. Ababa akapita ndi chifuwachi, apita nawo.

M'kaphukusimo muli waya. Ndinafuna kwa ogulitsa zitsulo zakale mumsika wa Ndirande mpaka ndinapeza kebulo yaitali ya lole, ndipo ndaimasula kanthambo kamodzikamodzi madzulo atatu. Ndasankha kosapindika, kopanda dzimbiri, ndakapukuta ndi oyilo. Kakwana kumanga kawiri. Zala zanga zabooka, koma zimenezo musawauze.

Pempho langa ndi limodzi. Mupite nokha, osatuma mwana. Muwapeze ali okha, muwapatse wayayo m'manja, n'kuwauza kuti Bonifasi akuti analakwa. Munene mawu omwewo. Musati zinangochitika, musati unali ubwana, ndinali ndi zaka makumi atatu ndipo sindinaledzere. Ndikudziwa kuti mwana sapepesa bambo ake ndi kalata, pamafunika azakhali ndi nkhuku, ine nditakhala pansi. Zimenezo ndidzachita. Koma ndikuopa kufika ndi nkhuku pakhomo n'kupeza nkhope yatembenukira kukhoma, chifukwa ndikudzidziwa, ndikhoza kulankhulanso china choipa. N'chifukwa chake ndatsogoza inu.

Akalandira, mungondiflasha, ndikwera basi Loweruka lomwelo, njinga za eni ake zidikire. Muwauze kuti ndidzakhala pansi pa msawu pomwepo, aitane onse amene analipo, ayimbe kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Aseke amene akufuna kuseka. Pulayala ndidzaisiya kuno.

Akakana, musawakakamize, ndipo musandinamize kuti akuganizabe. Mundiuze mmene anenera, ndine wamkulu. Wayayo mudzamangire khola la nkhuku.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti tcheni cha njinga yawo asamathire mafuta ophikira. Moni kwa azakhali, kwa asuweni onse a kutsidya kwa njanji, ndi kwa ana anu, makamaka Rejoice amene ndamva kuti wakhoza mayeso. Kwa ababa sindipereka moni m'kalata muno. Ndikufuna ndikaupereke ndi pakamwa panga, akandilola.

Ndine mlongo wanu wouma mutu uja,
Bonifasi